Mapu a dziko longopeka: bwanji aliyense akuloza mitsinje?

Olemba nkhani za mayiko ongopeka, zija za mafumu, zilombo ndi matsenga zomwe ogulitsa mabuku amazitcha fantasy, amakonda kuyamba ndi mapu. Mwambowu ndi wakale: Robert Louis Stevenson anajambula kaye chilumba mu 1881, buku la Treasure Island n'kudzatuluka mu 1883. Lero ena amajambula ndi pensulo m'kope, ena pa kompyuta ndi mapulogalamu monga Inkarnate kapena Wonderdraft, ena amakonzera masewera a Dungeons & Dragons. Akamaliza amaonetsa anzawo, mtima uli m'malere kudikira kuti ayamikiridwe chifukwa cha mayina okoma a mizinda ndi magombe okhotakhota. Mawu oyamba omwe amalandira kawirikawiri ndi akuti mitsinje sinakhale bwino. Mafunso otsatirawa ndi omwe wojambula watsopano amafunsa akamva zimenezi.

Dzikoli ndalipeka ndine. Wina angati bwanji mtsinje wanga walakwika?

Ufulu wopeka muli nawo wonse, palibe angakulandeni. Koma owerenga polowa m'dziko lanu amabwera ndi zomwe akuzidziwa kale, ndipo chilichonse chomwe simunawauze kuti mwasintha amachitenga kuti chili monga mwa masiku onse. Mukati m'dzikomo muli njoka zouluka, avomera, poti mwanena. Koma ngati anthu a m'nkhani yanu amatunga madzi pachitsime, amanyowa ndi mvula, amagubuduzika akaterereka paphiri, ndiye kuti mwavomera kale kuti madzi amatsika, sakwera. Zikatero mzere uliwonse wa mtsinje ukunena kanthu: uku n'kumtunda, uku n'kumunsi. Pa mapu ambiri a mtundu uwu palibenso china chonena zimenezi. Mapiri amajambulidwa timisonga, nkhalango timitengo, chipululu timadontho, ndipo malo onse otsala amakhala pepala loyera lomwe silikuuza ngati pali chigwa kapena chitunda. Gombe mutha kulikhotetsa mulimonse, mzinda mutha kuupatsa dzina lililonse, wina sangakutsutseni. Mtsinje wokha ndiwo umamvera lamulo lomwe mwana aliyense amene anaonapo madzi a mvula akutsata ngalande za mumsewu amalidziwa.

Choncho wodzudzula wanzeru sakudandaula kuti dziko lanu lasiyana ndi lathu. Akukuuzani kuti mapu anu akudzitsutsa okha: mtsinje uwu ukuti kumpoto n'kokwera, mnzake woyandikana nawo ukuti kumpoto komweko n'kotsika, ndipo pakati pawo palibe chitunda chofotokoza kusiyanako. Mawu otere amawawa kwa munthu amene watha masabata akukongoletsa zilembo, koma akuloza pa muzu weniweni wa vuto, loti wojambula anaganiza za maonekedwe a dziko lake osaganiza za kukwera ndi kutsika kwa nthaka yake.

Cholakwika chomwe chimaoneka kwambiri n'chiti?

Ndi mtsinje wogawikana. Wojambula amayamba ndi mzere umodzi wonenepa kuchokera kuphiri, pakati pa dziko n'kuugawa pawiri, nthambi ina kupita kum'mawa, ina kumadzulo, kenako iliyonse n'kugawikananso, kuti ufumu uliwonse upeze madzi ake. Pamaso zimaoneka bwino, koma madzi amachita zosiyana ndi zimenezi. Mitsinje imakumana ikamatsika. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja cha ku Salima. Shire amalandira Rivirivi, Lisungwi, Mwanza, kenako Ruo pa Chiromo, iye n'kukadzipereka kwa Zambezi ku Mozambique. Chifukwa chake sichovuta. Tiyerekeze kuti madzi afikadi pa malo pomwe pali njira ziwiri. Njira ziwirizo sizingafanane ndendende. Ina imakhala yotsetsereka pang'ono kuposa inzake. Yotsetserekayo imatenga madzi ambiri, madzi ambiri amathamanga n'kukumba kwambiri, ikakumbika imakokanso madzi ena owonjezera. Inzake ija madzi amayenda mwaulesi, mchenga ndi matope zimakhazikika, bango limamera, ndipo pakapita zaka imatsekeka. Mpikisano wa njira ziwiri umatha ndi wopambana mmodzi.

Pachibale pa cholakwikachi pali mtsinje wochoka ku nyanja yaikulu ina n'kudutsa dziko lonse kukathera ku nyanja yaikulu inzake. Nyanja zikuluzikulu za mchere zili pa mulingo umodzi, ndiye madziwo akutsika kuchokera pati? Chinthu chotere chingakhale mpata wa nyanja wolekanitsa zilumba ziwiri, wa madzi amchere, kapena ngalande yokumbidwa ndi anthu, koma mtsinje ayi. Njira yodziyesera ndi yapafupi. Ikani chala pa gwero la mtsinje, mutsate mzere mpaka kumathero. Paliponse pomwe chala chikuyenera kusankha kumanja kapena kumanzere, payenera kufotokozedwa.

Nanga nyanja ya pakati pa dziko ingatulutse mitsinje ingati?

Umodzi, kapena osatulutsa n'komwe. Yolowa ingachuluke mulimonse. Nyanja ya Malawi imalandira Songwe, Ruhuhu wochokera ku Tanzania, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe ndi ina yambirimbiri, koma khomo lotulukira ndi limodzi, Shire, kufupi ndi Mangochi. Victoria amatulukira pa Jinja pokha, Tanganyika pa Kalemie kudzera mu Lukuga. Madzi a m'nyanja amakwera mpaka atapeza malo otsikitsitsa pa mkombero wake wonse, n'kusefukira pamenepo. Akayamba kutuluka amakumba pomwepo, nyanja imaleka kukwera, ndipo malo ena omwe anali okwererapo pang'ono sawaonanso madzi. Wojambula amene watulutsa mitsinje itatu m'nyanja imodzi, wina kumpoto, wina kum'mwera, wina kumadzulo, akunena kuti malo atatu otalikirana ali pa mulingo wofanana ndendende ndipo akhala choncho zaka zikwizikwi.

Chosangalatsa n'chakuti lamulo louma limeneli lili ndi nkhani zambiri kuposa mitsinje itatu ija. Khomo limodzi limatha kutsekeka. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire analeka kutulutsa madzi. Mchenga ndi zomera zinatseka njira, ndipo anthu analima malo omwe kale munkayenda sitima. Nyanja itakweranso madzi anabwerera m'njira yawo yakale, monga akulu amanenera kuti madzi saiwala khwawa. Wolemba amene akufuna mkangano wa minda, njala kapena kugwa kwa mzinda wa padoko waupeza pamenepa popanda kupeka chozizwitsa chilichonse.

Nyanja yopanda khomo nayo ilipo, ndipo sitifunika kupita ku Caspian kapena ku Dead Sea kuti tiione. Chilwa amalandira Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa. N'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, gombe lake limasuntha chaka ndi chaka, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana amaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, pomwe malo oyenda mabwato anasanduka njira za wapansi. Mukajambula nyanja yotere pa mapu anu simunalakwe, koma mwasainira zotsatira zake: dera lotentha, madzi osakoma kwenikweni, asodzi odziwa kusamuka, ndi mzinda womwe sungamange doko la miyala n'kuyembekezera kuti madzi akhala pomwepo.

Koma pa dziko lathu lomweli ilipo mitsinje yogawikana. Kodi lamuloli si labodza?

Ilipodi, ndipo wodzudzula amene amangoimba kuti mitsinje sigawikana, osaonjezerapo kanthu, waloweza theka la phunziro. Funso ndi lakuti imagawikana pati, chifukwa chiyani. Malo oyamba ndi kumathiriro. Mtsinje wosenza matope ukafika pa chidikha cha m'mphepete mwa nyanja umafooka, umatula katundu wake m'njira yake yomwe, njirayo imakwera, madzi n'kuphulikira m'mbali. Umo ndi momwe delta imapangikira. Nile amagawikana atangopitirira Cairo n'kukafika ku Mediterranean kudzera mu nthambi za Rosetta ndi Damietta. Zambezi amafika ku Indian Ocean ndi milomo ingapo, ndipo umodzi mwa iyo, wa Chinde, utadziwika mu 1889 kuti sitima zingalowerepo, unasanduka khomo la katundu ndi anthu opita ku Nyasaland. Zoterezi zimachitikanso pakati pa dziko ngati pali chidikha chosalala kwambiri: Niger amamwazikana ku Mali n'kudzasonkhananso asanafike Timbuktu, pomwe Okavango, wochokera ku mapiri a Angola, amamwazikana mu mchenga wa Kalahari ku Botswana osasonkhananso. Pa zitsanzo zonsezi nthaka ndi yosalala, madzi ndi aulesi, nthambi zimakhala moyandikana ndipo zimasunthasuntha. Palibe nthambi yomwe imakwera chitunda kukagwera ku nyanja ina.

Chotsala ndi Casiquiare, yemwe aliyense wofuna kuteteza mapu ake amathamangira kumutchula. Kum'mwera kwa Venezuela gawo la madzi a Orinoco limapatukadi, n'kuyenda makilomita oposa 300 kukathira mu Rio Negro, yemwe amathira mu Amazon. Akatswiri a mapu ku Ulaya ankakayikira kuti zoterezi zingatheke mpaka Alexander von Humboldt ndi Aimé Bonpland atayendamo pa bwato mu 1800. Ku Canada kulinso nyanja ya Wollaston yomwe imatulutsa madzi mbali ziwiri. Koma taonani zomwe zitsanzozi zikuphunzitsa. Casiquiare ndi wotchuka chifukwa ndi wosowa, ndipo ofufuza amamuona ngati kulanda komwe kuli m'kati: mbali ya Rio Negro ndi yotsetsereka kwambiri, ndipo pakapita nthawi yaitali ikhoza kutenga madzi onse a kumtunda kwa Orinoco. Ndi mpikisano womwe uja wa njira ziwiri, tangoupeza usanathe. Ndiye ngati mukufuna mtsinje wogawikana, ikani umodzi, pa chidikha cha madambo, muupatse dzina, amalonda aziulimbirana, akatswiri a m'dzikomo azikangana ngati ulipodi. Mukaika isanu pa mapu amodzi, palibe angakhulupirire kuti munachita dala.

Ndiyambire pati kuti ndisamakonze zomwezomwezo?

Yambani ndi mitunda, mitsinje ibwere pambuyo. Musanajambule mzere wa madzi ngakhale umodzi, lembani ndi pensulo yopepuka misana ya dziko lanu, kutanthauza mizere yomwe mvula ikagwa imagawikana, ina uku ina uko, monga imachitira pa msonga wa denga la malata. Msana wotere sufunika kukhala phiri lalitali. Mbali yaikulu ya malire a Malawi ndi Zambia imatsata mzere wotere, ndipo m'madera ena woyenda pansi sangadziwe n'komwe kuti wauwoloka. Komabe dontho logwa cha ku Mchinji limalowa mu Bua, m'nyanja, mu Shire, pomwe logwa cha ku Chipata limatsikira ku Luangwa, ndipo awiriwo amakakumananso mu Zambezi atayenda njira zosiyana kotheratu. Phiri la Mulanje limachitanso chimodzimodzi: madzi a mbali ina amatsika ndi Ruo mpaka ku nyanja yaikulu, a mbali inzake amatsika ndi Phalombe ndi Sombani kukathera mu Chilwa. Mukajambula misanayi, dziko lanu limagawika m'zigawo, chigawo chilichonse chili ndi malo amodzi otsikitsitsa, ndipo mitsinje imangodzionetsa yokha.

Kenako sankhani komwe mphepo yonyowa imachokera, chifukwa kukula kwa mtsinje kumadalira mvula ndi kukula kwa dera lomwe ukutungamo. Mbali ya Mulanje yoyang'ana kum'mwera chakum'mawa imalandira chinyezi, n'chifukwa chake kuli tiyi, pomwe chigwa cha Phalombe kuseri kwake n'chouma kwambiri poyerekeza. Mtsinje waukulu ungathe kudutsa m'chipululu, koma uyenera kukhala utamwa kwina. Nile amatenga madzi ake ku mapiri a Ethiopia ndi ku dera la nyanja ya Victoria, ndipo akalandira Atbara ku Sudan salandiranso mtsinje wina wodalirika mpaka ku Mediterranean.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe dzanja limachita lokha. Choyamba ndi kutsitsira mitsinje yonse kumunsi kwa pepala, ngati kuti kum'mwera ndiko kumunsi kwa dziko. Nile amapita kumpoto, ndipo South Rukuru amayenda cha kumpoto chakum'mawa asanafike kunyanja. Chachiwiri ndi kuganiza kuti mtsinje umathamangira nyanja yomwe ili pafupi. Madzi sadziwa komwe kuli nyanja, amangodziwa malo otsika omwe ali patsogolo pawo. Niger amayambira ku mapiri a Guinea, makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Atlantic, koma amafulatira nyanjayo n'kulowera cha ku Sahara, kukhota pa Timbuktu, n'kukathira ku Nigeria atayenda makilomita oposa 4,000. Wojambula amene akudziwa misana ya dziko lake atha kupanga mtsinje wodabwitsa chotero ndipo palibe angamugwire.

Kodi mtsinje ungaboole mtandadza wa mapiri?

Ungathe, ngati unalipo mapiriwo asanakwere n'kumakumba mofanana ndi liwiro lomwe nthaka inkakwera nalo, kapena ngati wapeza mng'alu. Indus ndi Brahmaputra amadutsa Himalaya, Danube amadutsa pa Iron Gates pakati pa Serbia ndi Romania. Chofunika n'kuonetsa pa mapu kuti pamenepo pali chigwembe, osangodutsitsa mzere pamwamba pa timisonga ta mapiri ngati simunationa. Ndipo chigwembe chimabwera ndi miyala, mathithi ndi madzi olusa.

Zonsezi zikukhudza bwanji nkhani yomwe ndikulemba? Owerenga safuna phunziro la jogalafe.

Safunadi, ndipo ambiri sangathe kutchula chomwe chalakwika pa mapu. Koma phindu la mitsinje yolongosoka limapita kwa wolemba poyamba, chifukwa mtsinje ndiwo umanena komwe anthu angamange, komwe angawolokere, komwe katundu angatsitsidwe. Mbiri ya chigwa cha Shire ikuonetsa bwino. Mu 1858 David Livingstone ankafuna kukwera Zambezi pa sitima mpaka pakati pa Africa, koma mathithi a Cahora Bassa anamubweza. Anatembenukira ku Shire, ndipo mu 1859 anaimitsidwanso pa Kapichira. Kuchokera ku Mangochi mpaka ku Matope mtsinjewu umatsika mamita ochepa chabe, koma kuyambira pamenepo umagwa mamita oposa 350 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, kudzera pa Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Zotsatira zake, katundu yense wochokera kunyanja yaikulu ankatsitsidwa kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga kukwera mapiri, kudutsa Blantyre, kukakwezedwanso m'sitima ku Matope. Mishoni ya Blantyre ya 1876 ndi sitolo za Mandala zinakula pa njira imeneyi. Ena mwa mathithi omwewo ndiwo lero akupukusa makina a magetsi. Chigawo chimodzi cha mtsinje chafotokoza komwe kuli mzinda, ntchito yomwe anthu ankagwira, ndi komwe kuli chuma.

Wopeka dziko amene wajambula mitsinje yake mwanzeru amalandira zoterezi ulele. Pomwe mitsinje iwiri ikukumana pamabadwa msika, monga Khartoum pa makumano a White Nile ndi Blue Nile. Pomwe madzi ndi osaya pamakhala powolokera, ndipo pamenepo pamakhala wokhometsa msonkho ndi linga la asilikali. Ufumu wa kumtunda umatha kuopseza wa kumunsi. Mtsinje wa matope ambiri umatha kusamuka, monga Huang He wa ku China anachitira mu 1855 pomwe anasiya njira yake ya kum'mwera kwa Shandong n'kukathira kumpoto kwake. Amene anamwaza mitsinje mwachisawawa amakakamizika kupeka chifukwa cha mzinda uliwonse ndi nkhondo iliyonse payekhapayekha, ndipo owerenga amamva kuti china chake chikulendewera ngakhale sangachiloze.

Tolkien nayenso amati analakwitsa, koma mabuku ake akukondedwa mpaka lero. Ndivutikirenji?

Zoona, mapu a Middle-earth, dziko lomwe Tolkien anapeka, anadzudzulidwapo. Mu 2017 katswiri wa miyala Alex Acks analemba nkhani zodandaula za mapiri a Mordor omwe amakhota ngati makona a bokosi, komanso za momwe mtsinje wa Anduin umayendera mtunda wautali motsatana ndi Misty Mountains. Madandaulowa ali ndi maziko. Koma yang'anani zomwe J. R. R. Tolkien ndi mwana wake Christopher, yemwe anajambula mapu otuluka mu The Lord of the Rings mu 1954, anasunga. Mitsinje yawo imayambira m'mapiri, imakumana ikamatsika, Anduin amagawikana pa mathiriro ake, Entwash amamwazikana pa madambo pomwe akulowa mu Anduin, ndipo nyanja za Rhûn ndi Núrnen zimalandira madzi osatulutsa. Koposa apo, mtsinje umagwira ntchito m'nkhani: mathithi a Rauros ndiwo amathetsa ulendo wa pa bwato n'kukakamiza gulu la apaulendo a m'nkhaniyo kusankha gombe, ndipo pomwepo ndi pomwe limabalalika. M'kalata yomwe analembera Naomi Mitchison mu 1954, Tolkien anafotokoza kuti anayamba ndi mapu n'kukonza nkhani kuti igwirizane nawo, ndipo anachenjeza kuti kuchita mosemphanitsa kumadzetsa chisokonezo. Za ena mwa mapiri ake, nthano zake zili ndi yankho lake: The Silmarillion imati Misty Mountains anaimikidwa ndi wamphamvu wina wotchedwa Melkor kuti atsekereze mdani wake. Mungakane yankholo, koma lilipo. Kutchula Tolkien pofuna kuthawa ntchito n'kusankha mboni yolakwika.

Pali njira ina yomwe ndi yovomerezeka ndithu: mapu ojambulidwa ndi munthu wa m'dzikomo, amene sanafike konse. Mapu enieni akale anali ndi mabodza otere. Ambiri a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ankatulutsa Nile ndi Congo m'nyanja imodzi pakati pa Africa. Mu 1798 James Rennell anajambula Mountains of Kong kumadzulo kwa Africa, mwa zina pofuna kufotokoza chomwe chinkaletsa Niger kutsikira kum'mwera, ndipo mapiri osakhalapowo anakoperedwa pa mapu kwa zaka pafupifupi 90 mpaka ulendo wa Louis-Gustave Binger wa 1887 mpaka 1889 utaonetsa kuti kulibe. Mapu olakwika motere angakometse nkhani, apaulendo n'kusochera chifukwa chowakhulupirira. Koma wolembayo ayenera kukhala ndi mapu ena olondola m'kabati mwake.

Nanga ndikangoti ndi matsenga?

Nenani, koma muwalipire. Mtsinje wokwera phiri sungakhale chinthu chomwe anthu amangodutsa osacheuka. Pangakhale kachisi, ansembe, amwendamnjira, mphero zoyendera madzi okwerawo, mfumu yofuna kuulanda. Matsenga omwe alibe chotsatira chilichonse m'moyo wa anthu, omwe atchulidwa pokhapokha wina atafunsa, aliyense amawazindikira kuti ndi chigamba.

Ndipemphe bwanji maganizo a anthu kuti andithandizedi?

Onetsani msanga, mapu akadali a pensulo. Amene wathira kale inki ndi utoto safunanso kumva kuti phiri lisunthe, ndipo womuonayo amachita manyazi kunena. Funso loti mukuwaona bwanji limabala yankho loti ndi okongola, lomwe silikonza kanthu. Perekani kaye zomwe woona sangazidziwe payekha: kamzere kosonyeza makilomita, komwe kuli kumpoto, komwe kumachokera mvula, ndi ntchito ya mapuwo, kaya ndi a patsamba loyamba la buku kapena a masewera. Kukula kwa dera n'kofunika kwambiri. Shire ndi wa makilomita pafupifupi 400, koma pa mapu a Africa yense amaoneka kamzere kakafupi, ndipo Likangala saonekako n'komwe. Ngati pepala lanu likuimira dera lalikulu chotero, mitsinje makumi atatu yofanana kunenepa ndi yochuluka. Ikani timivi tosonyeza komwe madzi akulowera, kenako mupemphe munthuyo achite zinthu zooneka: aloze malo okwera kwambiri pa mapu onse, atsate mtsinje waukulu ndi chala, anene komwe akanamanga mzinda akanakhala mfumu, anene njira yomwe akanadzera ndi ng'ombe kuchoka uku kupita uko. Akaloza malo osiyana ndi omwe inu mumaganiza, mwapeza pomwe mapu sakulankhula bwino.

Ofunsidwa asakhale okonda nkhani zongopeka okhaokha. Mphunzitsi wa jogalafe, woyeza malo, msodzi kapena mlimi wa kudimba amadziwa khalidwe la madzi kuposa munthu amene wawerenga mabuku makumi asanu a mafumu ndi malupanga. Posefa mayankho, siyanitsani zokonda za munthu ndi zotsutsana za pa mapu. Wina akati dzina ili silikumukomera kapena gombe ili likufanana ndi la Ulaya, mutha kumvera kapena ayi. Wina akangoti mitsinje sigawikana, mufunseni aloze malo, chifukwa mwina akuloza delta yomwe ili bwinobwino. Koma akakufunsani kuti pakati pa mitsinje iwiri iyi pokwera ndi pati, inu n'kusowa yankho, musakangane naye, tengani chofufutira.

Mapu ndamaliza kale ndipo ndimawakonda. Ndiyambirenso?

Kawirikawiri ayi, chifukwa zolakwika za mitsinje zimakonzeka motchipa. Mtsinje wogawikana pakati pa dziko ungasanduke mitsinje iwiri yoyambira mbali ziwiri za chitunda chimodzi. Mungodula mzere pang'ono n'kuikapo timapiri. Pa nyanja yotulutsa mitsinje itatu, siyani umodzi, inayo muitembenuze ikhale yolowa poipatsa magwero kumtunda. Wochoka ku nyanja yaikulu kukafika ku inzake muukulitse ukhale mpata wa madzi amchere, kapena muuwongole ukhale ngalande yokumba, pokumbukira kuti ngalande ngati Grand Canal ya ku China, yolumikiza Huang He ndi Yangtze, inafuna anthu miyandamiyanda oikumba ndi boma loisamalira, ndipo dziko lanu liyenera kukhala nazo. Wodutsa m'mapiri muupatse chigwembe ndi dzina la mathithi ake. Ukatsala wina womwe wakana njira zonsezi, ndipo m'nkhani yanu mulibe munthu amene amauwoloka, kumwamo kapena kuumenyera nkhondo, ufufuteni.